Nduna Imene Inadulidwa Mutu Chifukwa cha Mayeso



Ambiri mwa ife tikukumbukira mwezi wa Novembala m'chaka cha 2020. Mayeso a Fomu 4 anali ali mkati pamene zinamveka kuti mapepala ena akuyenda m'mafoni a anthu tsiku lowalemba lisanafike. Boma linaimitsa mayeso onse, ophunzira ena anakhamukira m'misewu ndi ukali, ndipo onse, obera ndi osabera omwe, anabwerera kwawo kukadikira mpaka Januwale 2021, pamene analembanso asilikali akulondera mapepala. Masiku amenewo mawu amene ankamveka m'maminibasi ndi m'misika anali akuti ana amakono ndi aulesi, safuna kuwerenga, amangodalira likasa. Ife tinkawamva mawuwa ndi mtima wokayika, pakuti mwana wa sukulu sasunga makiyi a chipinda chimene mumagona mapepala a mayeso.

Sabata ino tikufuna tiiyang'ane nkhaniyi titaima pataliko, ku China wakale. Palibe dziko lina pansi pano limene linalimbana ndi kubera mayeso nthawi yaitali kuposa limeneli. Mafumu a kumeneko anayamba kusankha akuluakulu a boma kudzera m'mayeso olemba cha m'ma 605, ndipo mwambowu unapitirira, ukumaima apo ndi apo, mpaka m'chaka cha 1905. Zimenezo ndi zaka 1,300.

Wina angafunse kuti za ku China zikutikhudza bwanji ife. Chibale chilipo ndithu. Wansembe wachijezuiti wa ku Italy, Matteo Ricci, amene anakhala ku China kuyambira 1582 mpaka imfa yake mu 1610, anaona ndi maso ake mmene mabanja ankasowera tulo ndi mayesowa, moti mu 1596 analembera bwanamkubwa wa chigawo china kabuku kophunzitsa luso losunga zinthu m'mutu, pofuna kuthandiza ana a bwanayo. Zolemba zake zitasindikizidwa ku Ulaya mu 1615, azungu anadabwa kumva za dziko limene munthu amapeza udindo ndi cholembera, osati ndi magazi a atate ake. Patapita zaka zambiri dziko la Britain linayamba kulemba anthu ntchito za boma mwa mayeso, kutsatira lipoti la mu 1854, ndipo akatswiri ambiri a mbiri amaona chitsanzo cha China kumbuyo kwa ganizoli. Mu 1858 Yunivesite ya Cambridge inayamba kulembetsa mayeso ana a sukulu, mayeso omwe anadzafika kuno ku Nyasaland sukulu zasekondale zoyamba zitatsegulidwa m'zaka za m'ma 1940. Bungwe lathu la MANEB, lokhazikitsidwa mu 1987, ndi mdzukulu wa mwambo umenewu. Chaka cha 1858 tichisunge, tikumana nachonso kutsogoloku.

Kuti timvetse chifukwa chimene anthu ankaberera, tiyambe taona chimene ankachilimbirana. Mnyamata wa ku China ankayamba ali wamng'ono kuloweza mabuku a nzeru za Confucius, zilembo zoposa 400,000, ndipo ankayenera kukwera makwerero angapo: mayeso a m'boma la kwawo, mayeso a chigawo amene ankachitika kamodzi pa zaka zitatu, mayeso a ku likulu, ndipo pomaliza mayeso a kunyumba yachifumu. Wokhoza ngakhale gawo loyamba lokha ankamasuka ku ntchito yokakamiza yonga thangata, sankakwapulidwa wamba pa bwalo la milandu, ndipo sankagwada pamaso pa woweruza. Wofika pamwamba ankakweza fuko lake lonse. Koma khomo linali lopapatiza koopsa. Pa mayeso a chigawo, mwa anthu 100 ankakhoza mmodzi kapena awiri, chifukwa boma linkaikiratu chiwerengero cha oyenera kukhoza. Mfundo imeneyi ndi yofunika pa zonse zimene tikambe: malo anali owerengeka, choncho munthu mmodzi akalowera pawindo, wina amene anayenera kulowera pakhomo ankatsala panja. Akazi sankaloledwa n'komwe kulemba.

M'nthawi ya mafumu a Tang, amene analamulira kuyambira 618 mpaka 907, zinthu zinali zotayirira. Dzina la wolemba linkaonekera poyera pa pepala, ndipo unali mwambo wovomerezeka kuti wofuna kulemba mayeso aziyendera anthu otchuka ndi kuwaonetsa ndakatulo zake kuti akamunenere zabwino kwa ochonga. Munthawi imeneyi munali mlakatuli wina waluso, Wen Tingyun, amene anatchuka ndi kulembera anzake mayankho. Mu 855 woyang'anira mayeso anamukhazika payekha kutsogolo kuti azimuona bwino, koma mbiri imati ngakhale zinali choncho iye anakwanitsa kunong'oneza mayankho kwa anthu asanu ndi atatu. Iye mwini sanakhozepo mayesowo moyo wake wonse.

Amene anamanga mipanda yeniyeni ndi mafumu a Song. Mu 973 kunamveka dandaulo lakuti mkulu wa mayeso wakondera munthu wa kwawo, ndipo mfumu Taizu inaitanitsa olembawo n'kuwayesanso yokha. Kuchokera pamenepo mayeso a kunyumba yachifumu anakhazikika. Mu 992 anayamba kumata dzina la wolemba kuti wochonga asalione, ndiponso kutsekera ochonga mkati mwa mpanda, osaonana ndi abale awo, kufikira zotsatira zitatuluka. Koma munthu ukhoza kumuzindikira ndi kalembedwe ka dzanja lake, choncho mu 1015 anakhazikitsa ofesi ya alembi okopera. M'zaka zotsatira mwambowu unakhwima chonchi: wolemba mayeso ankalemba ndi inki yakuda, alembi ankakopera pepala lonse ndi inki yofiira, ena ankafananitsa mapepala awiriwo, ndipo wochonga ankangoona lofiira lokhalo, lokhala ndi nambala m'malo mwa dzina. Tikaganiza kuti zimenezi zinayamba zaka 1,000 zapitazo, sitingachitire mwina koma kuvula chipewa.

Malo olembera anali ngati mzinda wa tizipinda. Bwalo la mayeso la ku Nanjing litakula kotheratu linali ndi tizipinda toposa 20,000, kalikonse kotambalala pafupifupi mita imodzi, kopanda chitseko, kokhala ndi matabwa awiri okha, lina lokhalira lina lolembera. Munthu ankalowa mbandakucha atanyamula dengu la chakudya, chofunda, makandulo ndi inki, n'kukhala mmenemo masiku atatu ndi usiku uwiri, ndipo ankachita zimenezi katatu. Zipata zikatsekedwa sizinkatsegulidwa. Wina akamwalira mkati, mtembo wake ankaukulunga mumphasa n'kuudutsitsa pamwamba pa mpanda.

Nanga likasa? Linalipo, ndipo linali laluso kuposa lathu. Ankasindikiza timabuku ting'onoting'ono totha kubisika m'nsapato, ankalemba mkati mwa zovala, ankabisa timapepala m'mikate ndi m'zogwirira za maburashi olembera. Ku laibulale ya Yunivesite ya Princeton ku America kuli malaya amkati ochokera ku China olembedwa zimangirizo zoposa 700 m'tizilembo tonga nyerere. Boma nalo linkayankha: zovala zikhale zosapinda kawiri, nsapato zikhale zopyapyala, mikate idulidwe pakhomo. Mu 1744 mfumu Qianlong inalamula chipikisheni chokhwima pa mayeso a ku Beijing, n'kulonjeza mphoto ya siliva kwa msilikali aliyense wogwira wobera. Anagwira anthu 21 pa chigawo choyamba cha mayesowo, 21 enanso pa chachiwiri. Chodabwitsa chinali china: poitana mayina a chigawo chachiwiri, anthu oposa 2,800 anangotembenuka n'kumapita kwawo osalemba, ndipo kunja kwa mpanda kunali mbwee timapepala totayidwa.

Komabe tikawerenga milandu ikuluikulu imene inagwedeza dzikolo, likasa silipezekamo kwenikweni. Wogwidwa nalo ankavekedwa goli pakhomo n'kulandidwa digiri yake, nkhani n'kuthera pomwepo. Milandu yokhetsa magazi inkachokera mkati mwa mpanda, kwa anthu ogwira makiyi. Pakuti mipanda yonse ija, kumata dzina, kukopera ndi inki yofiira, inali ndi chibowo chimodzi chimene palibe lamulo likanachitseka. Wolemba mayeso ankagwirizana ndi wochonga pasadakhale kuti m'chimangirizo chake adzaika mawu akutiakuti pamalo akutiakuti, mwina kumapeto kwa ndime yoyamba, mwina koyambirira kwa yachitatu. Mlembi wokopera, posadziwa kanthu, ankakopera mawuwo mokhulupirika, ndipo wochonga akawaona ankadziwa kuti pepala ili ndi la uje. Mawu ogwirizanawo ankawalemba pa kapepala kakang'ono n'kukatumiza kudzera kwa mnzake, mlamu, kapena wantchito wa m'nyumba.

Mu 1657, mafumu a Qing atangolamulira zaka 13, katangale wotereyu anaphulika ku Beijing ndi ku Nanjing m'chaka chimodzi. Mfumu Shunzhi inalusa. Ku Beijing anthu asanu ndi awiri anaphedwa, mabanja awo n'kuthamangitsidwira kutali. Ku Nanjing akulu a mayeso awiri anadulidwa mitu, ndipo ochonga ena oposa 15 ananyongedwa. Onse amene anakhoza ku Nanjing anaitanidwa ku likulu mu 1658 kuti akalembenso, aliyense ali pakati pa asilikali onyamula malupanga. Mmodzi mwa iwo anali Wu Zhaoqian, mnyamata amene dziko lonse linkadziwa kuti ndi mlakatuli wanzeru zosowa, munthu wosafunika kubera kuti akhoze. Tsiku limenelo anapereka pepala lopanda kanthu. Ena amati dzanja linkanjenjemera ndi mantha, ena amati anakwiya ndi chipongwecho. Anamukwapula zikoti 40, anamulanda chuma, n'kumuthamangitsira ku Ningguta, dera lachisanu choopsa kumpoto chakum'mawa. Anakhalako zaka zoposa 20, ndipo anabwerako mu 1681 chifukwa cha khama la anzake, n'kumwalira patangopita zaka zitatu. Tikamamuganizira Wu Zhaoqian timakumbukira anzathu a mu 2020 amene anawerenga usiku ndi usana kwa zaka zinayi, kenaka n'kuuzidwa kuti alembenso chifukwa cha mapepala amene sanawaonepo.

Magazi onsewo sanathetse vutoli. Mu 1711, ku Nanjing komweko, zinadziwika kuti ana a amalonda olemera ogulitsa mchere, ena osatha n'kulemba komwe bwinobwino, agula malo. Ophunzira a mumzinda wa Suzhou ananyamula fano la mulungu wa chuma n'kukaliika m'sukulu ya boma, ndipo pa chikwangwani cha bwalo la mayeso wina anasintha zilembo kuti ziziwerengeka kuti "zagulitsidwa zonse".

Tsopano tifike pa mlandu umene watipatsa mutu wa nkhaniyi. M'chaka cha 1858, chomwe chija a Cambridge ankalembetsa mayeso awo oyamba, dziko la China linali pamoto. Kum'mwera kunali nkhondo yapachiweniweni ya Taiping, yotsogozedwa ndi Hong Xiuquan, munthu amene iyenso analephera mayeso a boma kanayi. Kugombe zombo za Britain ndi France zinali zitaopseza likulu. M'chaka chovuta chotero mfumu Xianfeng inasankha nduna yokhulupirika, Bojun, kuti ikhale mkulu wa mayeso a chigawo cha Beijing. Bojun anali wa mtundu wa Mongol, wachikulire, wotumikira boma zaka zoposa 30, ndipo ankadziwika kuti ndi munthu wowongoka. Mayeso atangotha anakwezedwa kufika pa udindo wapamwamba kwambiri umene munthu wa boma akanaufikira.

M'masiku amenewo timapepala ta mawu ogwirizana tija tinali titasanduka mwambo. Wolemba wina wa nthawiyo, Xue Fucheng, anafotokoza kuti anthu ankajambula timizere tozungulira pa kapepalako posonyeza mtengo: tozungulira titatu, ndalama zasiliva 300; tisanu, 500. Anthu sankachitanso nazo manyazi, moti wochonga amene sanalandire kapepala kochokera kwa munthu womudziwa ankadziona ngati wanyozedwa. Apa m'pamene pagona nkhani. Kwa anthu amenewa chimene ankachitacho sichinkatchedwa kuba. Chinkatchedwa kuthandizana, kukumbukira wakwanu, kusamuchititsa manyazi mnzako.

Zotsatira zitatuluka, anthu anadabwa kuona dzina la Pingling pa nambala 7. Mnyamatayu ankadziwika mumzinda monse ngati wokonda kuimba m'masewero a pa nsanja, osati wa mabuku, ndipo anthu a ntchito ya zisudzo lamulo silinkawalola kulemba mayeso. Nduna ina yofufuza zolakwa za akuluakulu a boma, Meng Chuanjin, inalembera mfumu. Atafananitsa pepala lakuda la Pingling ndi lofiira, anapeza kuti sakugwirizana: zolakwa za m'pepala loyamba wina anazikonza m'lachiwiri. Mfumu inalamula kuti mapepala onse a okhoza aunikidwenso, ndipo pafupifupi 50 anapezeka ndi zokayikitsa. Pingling anamwalira m'ndende kafukufuku ali mkati. Koma ulusi unali utayamba kale kusomphoka, ndipo unakafika pa pepala lina limene poyamba palibe ankaliganizira.

Pepalalo linali la Luo Hongyi, wochokera ku chigawo cha Guangdong, amene ankagwira ntchito yaing'ono ku unduna wa zamalamulo. Mayeso asanayambe, Luo anapita kwa munthu wakwawo, Li Heling, wogwira ntchito ku unduna wa zankhondo. Li anali ndi mnzake, Pu An, amene anasankhidwa kukhala mmodzi wa ochonga. Anagwirizana mawu, kapepala kanayenda. Ali mkati mwa mpanda Pu An analizindikira pepala la Luo n'kulipititsa kwa mkulu wa mayeso kuti alivomereze. Bojun ataliwerenga anaona kuti silikufika, ndipo analiika pambali. Chikanakhala chilungamo, nkhani ikanathera pamenepo.

Koma Bojun analowa mumpandamo ndi wantchito wake wa m'nyumba, Jin Xiang, womutumikira pa zakudya ndi zovala. Pu An anapita kwa wantchitoyo n'kumupempha kuti akalankhule ndi bwana wake: mwa mapepala onse amene iye wapereka, ili lokha asalikane, angachite manyazi pamaso pa anzake. Jin Xiang anakanena. Bojun, pofuna kusamukhumudwitsa mnzake wa ntchito, anavomera. Ndipo popeza malo anali owerengeka, anachotsa pepala lina limene linali litasankhidwa kale, n'kuikapo la Luo. Luo Hongyi anakhoza pa nambala 238. Pambuyo pake anapereka ndalama zasiliva 500 kwa Li Heling, ndipo Li anapatsako Pu An 300.

Taonani kuchepa kwake kwa chimene Bojun anachita, tikachiyeza ndi muyeso wa masiku amenewo. Sanagulitse mafunso. Luo sankamudziwa. Sanalandire mtolo wa siliva uja. Anangomvera pempho la wantchito wake pofuna kusunga ulemu wa mnzake, chinthu chimene ambiri a ife tikanachitcha umunthu. Iye mwini sankakhulupirira kuti angafe nazo. Akulu amati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo mwambo wa nyumba yachifumu unalidi wotero: nduna ya msinkhu wake ikaweruzidwa kuti iphedwe, mfumu inkatumiza chikhululukiro pa mphindi yomaliza n'kusintha chilangocho kuti chikhale kuthamangitsidwira kumalire a dziko. Zimanenedwa kuti Bojun anali atauza kale a kubanja kwake kuti amumangire katundu wa paulendo.

Panali munthu mmodzi amene sanafune zimenezo, nduna yamphamvu dzina lake Sushun. Iye anaumirira pamaso pa mfumu kuti mayeso ndiwo muzu wa boma, ndipo ngati lamulo likhala la anthu ang'onoang'ono okha ndiye kuti palibe lamulo. Mfumu Xianfeng inazengereza, pakuti inkamukonda mkuluyo, koma pomaliza inasaina. M'mwezi wa Malichi 1859, pa msika wa Caishikou mumzinda wa Beijing, pamene ankapherapo zigawenga, Bojun anadulidwa mutu pamodzi ndi Pu An, Li Heling ndi Luo Hongyi. Patapita miyezi ingapo anaphedwanso mwana wa wachiwiri kwa mkulu wa mayeso, amene ankalandira timapepala m'malo mwa atate ake. Onse olangidwa pa mlanduwu anakwana 91. Jin Xiang, wantchito uja, anafera m'ndende. Ngakhale mmodzi mwa akuluakulu ofufuza mlanduwo anapezeka kuti mwana wake weniweni anatumizako kapepala. M'zaka zonse 1,300 za mayesowa palibe munthu wina wa udindo waukulu chotere amene anaphedwa chifukwa cha kubera mayeso.

Sitikufuna kumujambula Sushun ngati mngelo. Iye ndi Bojun sankamwerana madzi pa ndale za kunyumba yachifumu, ndipo ambiri panthawiyo ankaona kuti mlanduwu waugwiritsa ntchito pochotsa mdani. Mu 1861 mfumu itamwalira, Sushun nayenso anadulidwa mutu pa msika womwewo wa Caishikou, atagonja pa kulimbirana ulamuliro. Olamulira atsopano anaunikanso nkhani ya Bojun ndipo ananena kuti chilango chinapyola muyeso, koma sanathe kunena kuti analibe mlandu. Ifenso tikuona chimodzimodzi. Kudula munthu mutu chifukwa cha pepala la mayeso ndi nkhanza imene sitingaivomereze. Koma pali munthu mmodzi m'nkhaniyi amene mabuku a mbiri amangomudutsa: mwini pepala lija linachotsedwa. Ameneyu analoweza zilembo 400,000 zija, anagona m'kachipinda kaja masiku asanu ndi anayi, analemba bwino, ochonga anamusankha, ndipo tsiku la zotsatira anaimirira pa khamu la anthu n'kuwerenga mndandanda wonse osapeza dzina lake. Anabwerera kwawo akudziyesa wolephera. Bojun sankamuona munthu ameneyu pamene ankavomera pempho la wantchito wake. Ankangoona nkhope ya Pu An, imene inali pafupi. Pa dongosolo lonse lomata mayina lija, wobera yekha ndiye anali ndi nkhope pamaso pa wochonga, ndipo wolungama anali nambala chabe.

Mbiri ya boma la Qing imanena kuti imfa ya Bojun inayeretsa mabwalo a mayeso kwa zaka pafupifupi 30. Mantha amagwiradi ntchito, koma amakalamba pamodzi ndi anthu amene anaona magaziwo. Khomo linali lidakali lopapatiza, mphoto idakali yaikulu, ndipo abale anali adakali abale.

M'chaka cha 1893, mumzinda wa Shaoxing, munali mkulu wina wophunzira, Zhou Fuqing, amene iye mwini anakhoza mayeso apamwamba mwachilungamo mu 1871 n'kugwira ntchito ku likulu. Mwana wake wamwamuna anali atalephera mayeso a chigawo kangapo. Zhou atamva kuti mkulu wa mayeso a chaka chimenecho m'chigawo chawo cha Zhejiang ndi Yin Ruzhang, mnzake amene anakhoza naye chaka chimodzi, analemba kalata. M'kalatamo anaikamo mawu ogwirizana, mayina a ana a mabanja asanu olemera pamodzi ndi la mwana wake, ndi lonjezo la ndalama zasiliva 10,000. Anatuma wantchito kuti akaipereke pa bwato limene Yin anakwera, litaima pa Suzhou. Nkhani yofala imati Yin anali ndi mlendo, wachiwiri wake pa ntchitoyo, choncho anaiika kalatayo pambali osaitsegula. Wantchito uja atatopa n'kudikira anayamba kufuula ali pa gombe kuti kalata ya ndalama zambiri chotero angailandire bwanji osapereka lisiti. Kalata inatsegulidwa pamaso pa mboni.

Zhou Fuqing anaweruzidwa kuti aphedwe, koma chilangocho chinkaimitsidwa chaka ndi chaka, iye ali m'ndende ku Hangzhou. Timati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu. Kuno zinatembenuka, anadya agogo, zinapota adzukulu. Mwana wake uja analandidwa digiri yaing'ono imene anali nayo kale n'kuletsedwa kulembanso mayeso, anayamba kudwala, ndipo anamwalira mu 1896. Banja linagulitsa minda. Mdzukulu wamkulu, mnyamata wa zaka 12 pamene mlandu unkayamba, anakabisidwa kwa amalume ake kumudzi, kumene ena ankamutcha wopemphapempha. Atabwerako anakhala zaka zinayi akuyenda pafupifupi tsiku lililonse pakati pa nyumba ya pinyolo, kumene ankasiya zovala ndi zokongoletsera za amayi ake, ndi sitolo ya mankhwala a atate ake.

Mnyamata ameneyu ndiye anadzakhala Lu Xun, mlembi amene ambiri amamutcha tate wa zolembalemba zamakono za ku China, ndipo ina mwa nkhani zake zodziwika kwambiri, Kong Yiji, ndi ya munthu wolephera mayeso amene mudzi wonse umamuseka. Mu 1898 anachoka ku Shaoxing kupita ku Nanjing kukalowa sukulu ya asilikali a pamadzi, chifukwa kumeneko sankalipiritsa fizi. Anthu a kwawo ankaona ngati wataya moyo wake posiya njira ya mayeso a boma. Agogo ake anatulutsidwa m'ndende mu 1901 ndipo anamwalira mu 1904. Chaka chotsatira, m'mwezi wa Seputembala 1905, nyumba yachifumu inalengeza kuti mayeso aja atha, ndipo tizipinda tambiri ta ku Nanjing tinagwetsedwa m'zaka zotsatira kuti pamalopo pamangidwe msika ndi masitolo. Tochepa timene tikuoneka lero tili m'nyumba yosungiramo zinthu zakale.